Dengu Lapita ku Yunivesite

Pasiteji ya minibasi pa Thyolo, mayi wina anatula dengu lothyolera tiyi lodzaza ndi bulangete, ndowa ndi mapoto. Bambo wovala jekete amene anaima pafupi analiyang'ana n'kuseka.

"Mayi, masiku ano kumunda mukumathyola mabulangete?"

"Ndi katundu wa mwana wanga Teleza, bambo. Anamusankha ku yunivesite ya boma. Mwiniwake anatsogola dzulo."

"Ya boma? Mumadziwana ndi ndani kumeneko?"

"Ine wodziwana naye ndi kapitawo wa kuesiteti basi. Mwanayo anakhoza yekha mayeso."

"Nanga fizi? Chakudya? Simulimba, mayi."

"Fizi wapeza loni ya ophunzira. Zotsalazo manja awa alipo."

"Komatu atsikana amakaonongeka kumeneko. Amabwerako ndi mimba."

"Mimba zadzaza m'malaini mwathu mogona antchito a kuesitetimu zinachokera ku yunivesite? Kogona kwawo ndinakaonako ndekha. Chitseko ndinachita kuchigwedeza ndi manja awiri, loko wake ndi wolimba."

"Chabwino. Koma mwana wa mlongo wanga ali ndi digiri, akungokhala pakhomo. Wanuyonso adzabwerera kuno kudzabereka dengu lomweli."

Mayiyo ananyamula dengu lija n'kuliponya kumsana, minibasi ya ku Limbe itaima.

"Ili? Amayi anga anafa akubereka dengu, ine ndabereka ili mpaka msana kupindika. Kwathu mwana akakula umamusiyira dengu lako, ndiye inenso ndikukamusiyiradi. Koma kumunda kwa tiyi silidzapondakonso, bambo. Azikaponyamo zovala zakuda!"