Chikho Chomwetsera Mwana

"Kodi chimenechi ndi dzungu kapena chikho?" Funso limeneli linazungulira mudzi wonse wa kwawo kwa akazi anga ku Zingalume m'masika a chaka china, masiku aja a chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wa pa boma la Chadiza wopanda khadi m'thumba, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analiyankha. Inu adzukulu anga mukaona batanati lero mumangonyamula n'kukaphika, koma ife tinkaima m'munda mozungulira n'kumapenya ngati mwana wa mbuzi wabadwa ndi mitu iwiri: masamba a dzungu, maluwa a dzungu, koma chipatso chili ndi khosi lalitali ndi thako lobulungira ngati chikho chotungira mowa. Anaitana ngakhale atcheyamani a chipani, munthu amene sankasowa yankho pa nkhani iliyonse, ndipo iwo anachinyamula, nachigogoda, nachiika kukhutu, kenako anati, "Nkhani imeneyi ndiitengera ku boma." Anamwalira asanabwere nalo yankho.

Amene anadzala zinthuzo ndinali ine. Njere zake anandipatsa anamwino a ku sikelo mvula isanagwe, pamene mwana wathu woyamba, Tereziya, anali atangoyamba kukhala pansi, ndipo anandiuza kuti ndi maungu ndithu, abwino kwa ana, nandifotokozera ndi kaphikidwe kake. Koma ine ndinali mkamwini, ndipo mkamwini sayankha funso limene sanafunsidwe. Ndiponso zitabereka ndi makosi aja, mtima wanga womwe unayamba kukayika, pakuti ndinali munthu wamantha pa za mwana. Sukulu ya sekondale inandiphunzitsa za tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawiritsa chilichonse, ngakhale sipuni. Mwana akayetsemula kamodzi, ine njinga ili kale pabwalo. Amayi a m'mudzi ankanditchula kuti adokotala opanda jekeseni.

Apongozi anga, amayi ake a Nabanda mkazi wanga, ndiwo anatseka mkangano. Anati ndi zikho, ndipo munda ndi wawo, choncho zikho ndi zawo. Anazithyola zonse, nazindandalika pamwamba pa thandala kuti ziume, ndipo anali atalonjeza kale anzawo a ku kwaya, uyu chotungira madzi, uyu chomwera thobwa.

Tsono mvetsani mmene tinkayankhulirana ndi apongozi masiku amenewo, osati zanu za lero zoti mpongozi ndi mkamwini kuseka pamodzi pa lamya. Sitinkapenyana kumaso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kuthengo. Mwana atabadwa tinapeza mthenga: iwo ankayankhula kwa khanda, ine n'kuyankha kwa khanda lomwelo, ngakhale kuti Tereziyayo mawu amene ankadziwa anali "tata" basi.

M'masika omwewo Tereziya anayamba kukana phala. Mano anali kumera, ndipo akangoona sipuni ankatseka pakamwa kuti gwa, ukakakamiza n'kukulavulira kumaso. Masaya anaphwa, kamkanda ka m'chiuno kanayamba kutsetsereka. Ine tulo osabwera. Koma apongozi anali ndi dzina la matendawo. Tsiku lina m'mawa anakhala pakhonde atandifulatira, mwana ali pamiyendo, nati, "Iwe Tere, uwafunse atate ako, maulendo a njinga a ku boma aja, amakathera ku sikelo kokha?"

Anali kunena tsempho, matenda amene makolo ankati amagwira mwana ngati bambo wake wagona ndi mkazi wina n'kubwera kudzamunyamula.

"Tere mwana wanga," ndinatero ine, "uwauze ambuye ako kuti ku boma ndimakaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira a saladi, ndipo ndimabwerako wopanda sopo, wopanda saladi, wopandanso tchimo."

"Uwauze kuti mzere wa sopo uli ndi akazi ambiri."

Anagamula pomwepo kuti ndisakhudzenso mwanayo, ndipo Lamulungu tikaweruka ku mapemphero ankhoswe adzakhale pansi. Inu mukuseka, koma mlandu wotere unkatha ndi mkamwini atamanga bulangete lake panjinga, mwana n'kutsala kuchikazi. Nabanda ankandikhulupirira, koma akanatani pamaso pa amayi ake? Ndinkadutsa pafupi ndi mwana wanga manja ali kumbuyo, iye akundikwezera timanja take.

Ndi pamene ndinakumbukira mawu a anamwino aja. Kuba pathandala sindikanatha, pakuti apongozi ankazidziwa zikho zawo ngati nkhuku idziwa anapiye ake. Kutsutsana nawo kuti ndi maungu, ndiye kuwonjeza mlandu pa mlandu. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa mwake, iwo akumanga dengu kupita kokakumba mtedza, ndinagwada chapatali, ndinaomba m'manja, ndipo ndinati, "Tere, uwapemphe ambuye ako chikho chimodzi chomwetsera iwe."

Apongozi anati, "Uwauze atenge chopindika khosi chija. Zowongoka zili ndi eni ake."

Atangozimiririka panjira, ndinaika mafuwa kuseri kwa nkhokwe, pakuti mwamuna kukhala m'khitchini zikanafika kwa ankhoswe ngati mlandu wachiwiri. Khungu la dzungu lija linali lolimba moti mpeni unaterereka kangapo, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina apongozi anali kunena zoona. Koma nditaling'amba pakati, eee! M'kati muli psuu ngati papaya lakupsa, khosi lonse mnofu wokhawokha, njere zitaunjikana kuthako kokha. Ndinadya kachidutswa kakawisi, n'kukhala pansi kudikira ngati ndife. Nabanda anati, "Mukafa munene msanga, madzi akuwira."

Tinaduladula, tinaponya mumphika pamodzi ndi kaanyezi kamodzi, madzi ongophimba pamwamba, n'kusiya kuti zifewe mpaka mthiko uzilowa wokha. Anamwino anati pomaliza muthire mkaka, koma mkaka masiku amenewo unali ngati yankho la atcheyamani. Nabanda anati, "Nanga mtedza ntchito yake n'chiyani?" Anasinja mtedza watsopano, anasefa, ndipo nsinjirozo anazisungunula m'madzi ofunda n'kuthira mumphika. Ine ndinatakasa, ndinakanya ndi chipande mpaka osatsala ndi kambulu komwe, kenako ndinasefanso, poopa kuti mwana angatsamwe. Zinatuluka zosalala, zothithikana, osati phala, osati futali, osatinso msuzi, fungo lake lotsekemera likuyenda ndi kamphepo kozizira kaja ka kumapeto kwa masika, kamene kamang'amba milomo.

Amayi awiri obwera kuchitsime anaima. "Adokotala, lero mukuphika mankhwala?"

"Supu," ndinatero ine.

"Supu wopanda nyama? Nanga fupa lake lili kuti?"

Anapita akuseka, madzi akutayika m'ndowa.

Nabanda anapoza pang'ono m'kambale, anakhazika mwana pamiyendo, n'kukweza sipuni. Tereziya anatseka pakamwa. Anayesa kumuimbira, anayesa kumuonetsa nkhuku, koma mwana anakankha dzanja, zonse n'kutayikira pachitenje. Ndinakhala pansi nditatambalala, mbale yanga ili pakati pa miyendo, ndipo ndinayamba kunyambita ndi chala ngati munthu amene mlandu wamugwera kale.

Pajatu mwana safuna chake, amafuna cha mnzake. Tereziya anatsika kwa amake, anakwawa pafumbi, anadzakwera pamwendo wanga, n'kuviika dzanja lonse m'mbale. Dzanja lafumbi, anthuni, losawiritsa! Analowetsa m'kamwa, anandipenya, anaviikanso. Ine lamulo linali loti ndisamukhudze, choncho ndinakweza manja onse m'mwamba ngati munthu wogwidwa wopanda khadi, ndipo ndinakhala choncho, mapewa akuwawa, mwana akudzipaka chikasu mpaka m'makutu.

Umu ndi mmene apongozi anatipezera, dengu la mtedza lili pamutu. Anaona makoko pansi. Anaona khosi lopindika lija litasanduka tizidutswa.

"Tere! Chikho changa chili kuti?"

"Uwauze ambuye ako," ndinatero ine, manja akadali kumwamba, "kuti ndinapempha chikho chomwetsera mwana, ndipo mwana akumwa."

Nabanda anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Apongozi anatula dengu. Anaima nthawi yaitali akupenya mdzukulu wawo akunyambita zala, akubwereza, akulirira zina mbale itayera. Kenako anagwada pamphika, atandifulatira monga mwa mwambo, anaviika chala, nati akuyesa ngati sizowawa. Anayesa kachiwiri. Anayesanso ndi chipande, kuti atsimikize bwino.

Pamenepo mwana anadzuka kufuna kufikira mphika, n'kupendekeka cha kumoto.

"Iwe Tere," anakuwa apongozi, "uwauze atate ako atsitse manjawo akugwire! Akhala ngati chiopsezo cha m'munda bwanji, mwana akukagwera pamoto?"

Ndinamugwira, adzukulu anga. Anali wopepuka ngati kamtolo ka udzu, womata thupi lonse, ndipo ndinamukanikiza pachifuwa mpaka malaya anga a ku tchalitchi anasanduka achikasu. Lamulungu ankhoswe anabwera ndithu, koma apongozi anawauza kuti anawaitanira kudzalawa chinthu, ndipo za tsempho sizinatchulidwenso. Masaya a mwana anabwerera pang'onopang'ono, thandala likupepuka, ndipo amayi a ku kwaya anapitiriza kumwera thobwa m'zikho zawo zakale.

Lero muli ndi makina opera pa magetsi, ndi mkaka wa m'mapaketi pa golosale iliyonse, koma mantha a kholo sanasinthe, ndimawaona pankhope zanu. Mwana akakana kudya, pitani naye ku sikelo, inde, koma musathamangire kufunafuna amene walakwa m'nyumba. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, inu amene muli ndi makanda: mukaphika, musamuthamangitse ndi sipuni. Khalani pansi pamene angakufikireni, mbale muiike pakati pa miyendo, ndipo muyambe kudya inuyo.