Kampando ka a Yasamula Katsala

Akuluakulu oyendetsa chipatala chino, a metironi, madokotala ndi anamwino anzanga, a ku famase, a ku labu, okonza m'zipinda, bambo a kunyumba kwa adokotala athu pamodzi ndi ana ndi zidzukulu: zikomo. Andipatsa mphindi zisanu. Amene wandikonzera chilango chimenechi ndikumudziwa, ndikumuona akuseka kumbuyoko.

Ndiyambe ndi funso. Anakhazikitsa ndani lamulo lakuti mano si mbali ya thupi? Tonse timalitsata. Mwana akabwera, khutu ndi lathu, chifuwa ndi chathu, mimba ndi yathu. Koma mano? "Aa, amenewo ndi a dokotala wa mano." Dokotala wa manoyo ali kuti? Mabasi awiri kuchoka pano, ndipo kuti akuone udikira miyezi itatu. Mwana asanakwanitse zaka ziwiri ife timakhala titamuona kambirimbiri, uku katemera, uku sikelo, uku chimfine. Dokotala wa mano amamuona koyamba tsaya litatupa kale.

Munthu mmodzi yekha ndiye wakhala akukana lamuloli kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndi mayi akutisiya lerowa. Dzina lawo lenileni ambiri munaiwala. Ana onse amangoti a Yasamula.

Alendo simukudziwa mmene zimakhalira. Mwana wabwera ndi chimfine. Amupima, alemba mankhwala, mayi wake wanyamuka. "Khalani kaye, mayi." Akoka kampando kawo kafupi kaja, akhala maondo ndi maondo ndi mayiyo, mwana agona chagada, mutu pamiyendo pawo. "Yasamula!" Akweza kamlomo ka m'mwamba, afunafuna timadontho toyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, apaka mankhwala olimbitsa mano. Kenako funso lija: "Amagona ndi botolo? M'botolomo mumakhala chiyani?" Mayi akangoti, "Tiyi wa shuga pang'ono chabe," inu muli pamzere panja iwalani zopita msanga.

A metironi anandinong'oneza kuti chaka chawo choyamba analowetsa chala pakati pa mano a kutsogolo a mwana wa zaka ziwiri. Amene anakuwa tsiku limenelo si mwanayo. Adokotala, tionetseni chala. Ndi chimenecho, chipsera chikadalipo! Bambo nawonso akuti m'basi amakhala mtima uli m'mwamba, chifukwa khanda la eni likangomwetulira, dzanja la mayi lanyamuka kale.

Ine ndinafika chaka chatha, satifiketi ikadali yotentha. Nditaona mzere ukufika pageti, mtima unandiwira. Ndinayeza nthawi ndi foni: enafe mphindi zisanu pa mwana, a Yasamula zisanu ndi zinayi. Ndinakonza fomu yatsopano ya ana, yaifupi, yoyenda msanga. Funso la mano ndinalifufuta. Akuluakulu anaivomereza, ndipo iyamba Lolemba likubwerali.

Nditawaonetsa a Yasamula, anaiwerenga mpaka pansi.

"Mwana wanga, yakongola. Koma chifuwa ukumvetseracho chimatulukira khomo liti?"

"Adokotala, amenewa ndi mano ogwa okha."

"Inde, amayamba kugwa mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nanga mpaka pamenepo azibwereka ako?"

Ndinaseka. Sindinasinthe kanthu.

Tsono apa musaseke. Achemwali anga ali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Katatu konse anabwera naye m'chipinda changa, poti kwa amalume kulibe mzere. Katatu ndinamvetsera chifuwa, ndinayang'ana kummero, maso anga n'kudutsa pamwamba pa mano ngati mulibe. Mwezi watha anabwera tsaya lili chonchi. Sakudya, akungolira. Ndinathamangira naye kwa a Yasamula. Anakweza kamlomo. Mano anayi a kutsogolo akuda bii, nkhama zikutuluka mafinya.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangogwira chala changa n'kuchiika pa kamlomo kaja.

"Kweza wekha. Foni yako ija ikuti zatenga nthawi yaitali bwanji?"

Mphindi imodzi sinakwane.

Anayi onse anazulidwa. Lero mwanayo akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja, chifukwa anzake ayamba kale kumunena. Achemwali anandifunsa, "Achimwene, sukulu yonse ija, simunaone?"

Adokotala, zikomo. Zikomo chifukwa cha mphindi zinayi zimene ndinkaziwerenga ngati zotayika. Kunjaku kuli abambo a ndevu amene anaona mswachi koyamba atagona pamiyendo panu. Kuli amayi amene amadziwa kuti mankhwala otsukira mano a khanda akhale ngati kanjere ka mpunga basi, chifukwa inu munabwereza mawu amenewo tsiku ndi tsiku osatopa. Kuli ana ambirimbiri amene sadziwa n'komwe kuti dzino limapweteka bwanji, ndipo sadzakuthokozani, poti sadziwa chimene munawapewetsa.

Koma kuthokoza kokha ine kumandiyabwa. Inu mukutuluka lero, fomu yanga ikulowa Lolemba. Zikatero m'chipatala muno simukhalanso wokweza kamlomo. Tiwaombere m'manja masana ano, n'kukwirira ntchito yawo sabata yamawa? Ine ayi.

Ndiye dzulo sindinadikire komiti. Ndinathamangira kwa osindikiza n'kubwezera funso lija pamwamba penipeni, pafupi ndi pamene timalemba kulemera kwa mwana. Bwana, mukumva koyamba pano, pepani. Kalata ili patebulo panu, mundidzudzule Lolemba, ndifika molawirira. Ndipo adokotala, mukamalongedza katundu musavutike kufunafuna kampando kaja. Ndakanyamula m'mawa uno, kali m'chipinda changa. Ana asanu ndi awiri agona kale pamiyendo panga. Wachitatu wandiluma. Chala ndi ichi.

Pitani mukapume, mayi. Mukadzuke dzuwa litakwera, pasakhale wogogoda. Bambo, m'basi muziwagwira dzanja. Zidzukulu, pepani, kuyambira mawa odwala awo ndinu nokha.

Mphindi zanga zisanu zapitirira, ndipo sindikupepesa. Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja a Yasamula mpaka amene ali pageti afunse kuti kwagwanji!