Zojambula za a Pensulo zisapse

Bwana wamkulu, akuluakulu a nthambi zonse, mayi athu akunyumba kwa a Pensulo, ana ndi adzukulu, anzanga nonse, ndakupatsani moni.

Ndiyambe ndi funso. Anakhazikitsa ndani lamulo loti munthu akapuma pantchito, mapepala ake onse a chidindo cha ofesi azikatenthedwa kuseri kwa galaja? Aliyense amangoti ndi lamulo. Ine silindilowa.

Bambo awa anayamba kuyeza misewu muofesi muno ine ndisanabadwe. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi mayi okha. Akuti ulendo wawo woyamba anaiwala chingwe choyezera, koma pensulo ili kukhutu.

Ine ndinawadziwira m'galimoto. Tikuthamangira kukayeza mlatho, ndinangomva, "Adalaivala, taimani kaye." Ndinkayesa akufuna kukataya madzi. Ayi ndithu. Atsika, atsamira boneti, atembenuza pepala la ofesi, ayamba kujambula phiri.

Ine mtima uli m'mwamba: "Bambo, foni yanga ijambula zimenezo kamodzin'kamodzi!"

Iwo osacheuka n'komwe: "Jambula, mwanawe. Ine ndikuyang'ana."

Maganizo sindinasinthe. Ofesi ino imachedwa, ndipo makompyuta amene ndinapempha aja ndikuwafunabe, Bwana. Koma zojambulazo ndimazikonda. Mizere yake ndi yochepa. Mayi wolima m'munda ndi kamzere kamodzi kopindika, koma msana wake umachita kuumva kuwawa. Pena pagwera dontho la mvula, pena chala cha girisi cha adalaivala. Zigwa zambiri zili mmenemo lero simungazizindikire. Tinadutsitsamo misewu ndife tomwe, ndipo tidutsitsa inanso.

Zonsezo anajambula kuseri kwa mapepala a chidindo. Zadzaza makatoni, ndipo mwalamulo lathu lija, Lolemba zikuyenera kupita kumoto.

Bambo, zikomo. Munkatichedwetsa panjira, koma ntchito simunaithawepo, dzuwa kaya mvula. Pakamwa panga munapapirira. Kapumeni bwino. Mayi, mukawatuma kumsika musawadikire, akhala ataima penapake.

Lachitatu ndinakapempha Bwana kuti makatoniwo apite kunyumba. Anandiyankha kuti pepala la ofesi silituluka pageti. Chabwino, silinatuluke. M'mawa uno ine ndi alonda tamata zojambula zonse kukhoma, kuyambira pakhomo lalikulu mpaka pachitseko cha Bwana. Wofuna kutentha akamatule yekha, adzukulu akuona.

Tiwaombere m'manja a Pensulo!