Loya wa Mlaliki wa Pasiteji

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1985, achiwiri m'banja la ana anayi. Mbiriyi ndikuwerenga ndekha, ine mayi awo, chifukwa amalume awo amafuna kudumpha ndime ina. Ine sindidumpha.

Sukulu anayamba mu 1991. Aphunzitsi ankandiitana pafupipafupi, mlandu wake umodzimodzi: pakamwa. Mu 2009 anamaliza maphunziro a zamalamulo, ndipo pakamwa pomwepo panayamba kutidyetsa. Mu 2012 anakwatiwa ndi amakanika akhala kutsogoloku, munthu wofatsa, poti m'nyumba simukhala maloya awiri.

Mu 2018 khonsolo ya mzinda inaletsa kulalikira m'misewu. Apolisi anagwira mlaliki wina wa pasiteji ya basi, pafupi ndi pomwe ndimasokera zovala. Ndinasangalala, sindinama. Bamboyo ankatiboola m'makutu ndi chimkuzamawu, ulaliki wake umodzi: mkazi wovala thalauza sadzalowa kumwamba. Malemu akamabwera kudzandiona atavala thalauza, iye ankawaloza chala pagulu.

Loya amene anatenga mlandu wake ndi malemu omwewo. Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Anandiyankha kuti boma likazolowera kutseka pakamwa munthu wotopetsa, mawa lidzatseka ine ndi kwaya yanga. Mlandu unafika kukhoti loona za malamulo oyendetsera dziko. Mlalikiyo anawapempha kuti tsikulo avale siketi. Iwo anaima pamaso pa majaji atavala thalauza, ndipo mu 2020 lamulo lija linathetsedwa. Bamboyo anabwerera pasiteji. Ulaliki sanasinthe.

Malemu anayamba kudwala impso mu 2023, ndipo atisiya Lachiwiri lapitali.

Mlaliki uja ali pano, waima kumbuyo uko. Wapempha kuti alankhulepo, koma amalume ndi akuluakulu a mpingo akana. Zifukwa zawo ndazimva. Komatu ine sindiika mwana wanga m'manda nditatseka munthu pakamwa. Ndikakhala pansi, mumupatse maikolofoni. Inu abambo, mufupikitse, anthuwa atopa.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, alongo awo awiri, mng'ono wawo, ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo a kuntchito amene ankasinthana kuwaperekeza kuchipatala, amayi a kwaya, ndi nonse mwabwera kudzakhala nafe.

Mwanangu, usani mumtendere. Zotsalazi tithana nazo tokha.