Chigoba cha Chipolopolo M'thumba mwa Agogo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ine ndinagonapo m'chitokosi milungu isanu ndi umodzi pa mlandu wakupha munthu amene sindinamuphe, ndipo lero ndikufuna mudziwe mmene Mulungu ananditulutsira.

Chinali chaka cha njala, pamene ife a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta tinkakhalira nyika zokumba m'madzi. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, anandilera ndi agogo. Bambo anandisiyira gogodela, mfuti yothira wonga ndi tizidutswa ta misomali cha kukamwa, yomwe ndinkaopsezera mvuu kudimba. Tsiku lina kutacha, a Mdala, oyandikana nafe dimba, anapezeka atawomberedwa, mbuzi zawo zitapita. M'mudzi monse mfuti inali yanga yokha. Anthu anati munthu wosalankhula ngati ine amabisa zambiri, ndipo apolisi anandinyamula pamodzi ndi mfutiyo mpaka ku boma la Machinga.

M'chitokosimo chinkandiwawa si njala yanga iyayi, koma kuti agogo alibe wowakumbira nyika. Ndinkapemphera mawu amodzimodzi: Ambuye, inu munaona, onetsani.

Mlungu wachitatu agogo anafika, atayenda wapansi mpaka ku Nselema, kenako matola. Tikucheza, anatulutsa kosungira fodya wa m'mphuno komwe sindinakaonepo, kachitsulo kofiirira kotseka ndi kachitsononkho.

"Agogo, ako mwakatenga kuti?"

"Ndinatola kudimba kwa a Mdala tsiku la maliro lija. Kabotolo kanga kanasweka."

Ndinaitana wapolisi. Iye atakaona anagwira mutu. "Agogo, umboni wa boma mwausandutsa wa fodya!"

Chinali chigoba cha chipolopolo. Katswiri wa mfuti atabwera anandifotokozera bwinobwino. Gogodela salavula chigoba, ndipo m'mimba mwake ndi mosalala. Koma chipolopolo chomwe adokotala anachotsa m'thupi la a Mdala chinali ndi timizere tozungulira, tomwe mfuti yamakono imakanda chikamatuluka. Mfuti iliyonse imakanda mwa iyo yokha, ngati chidindo cha chala. Agogo anali atafufuta zidindo za zala ndi kugwiragwira kwawo, koma kachibowo komwe msomali wa mfuti unamenya kumbuyo kwa chigobacho kanali kosasokonekera. Katswiriyo anawombera m'thanki ya madzi mfuti ina yomwe apolisi anagwira nayo akuba ziweto ku Balaka, nayerekeza pa galasi lokulitsa. Timizere ndi kachibowo zinagwirizana.

Tsiku londitulutsa, agogo anaima pakhomo la ofesi osasuntha. "Mdzukulu wanga mwandipatsa, zikomo. Nanga fodya wanga anali m'menemo uja?"

Ndikuthokoza Mulungu amene analemba choonadi pa kachitsulo kochepa ngati chala, nakasunga m'thumba mwa mayi wosadziwa kuwerenga. Mukapeza chotere musatole, itanani apolisi. Ndipo inu amene mukunamiziridwa lero, musaleke kupemphera. Mboni yanu ilipo kale, kungoti simunaione. Amen.