Mota Yatsopano, Zidole Zakale

Chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Chihindu cha Navaratri, a Velayutham ankayala pamasitepe zidole zadothi za malemu akazi awo, kasitima kamagetsi n'kumazungulira m'munsi mwake, kudutsa pakasiteshoni kokhala ndi kanyali. Chaka chino mota ya kasitimako inapsa, mlamu wawo Kathirvel anaikamo ina, ndipo kasitimako kanayamba kuthamanga ngati kapsa mchira. Alendo ankafika faifi koloko, ndipo pokhota njanji panali chidole cha mkwatibwi chimene malemuwo anabwera nacho kuukwati.

"Imani pokhotapo," anatero a Velayutham, atalumikiza okha mawaya kuchowongolera liwiro. "Maso panjanji. Mundiuze za sitima basi."

"Za sitima basi," anavomera Kathirvel.

A Velayutham anayatsa. Kasitima kanadutsa, fyuu! Mkwatibwi anagwedezeka.

"Yadutsa," anatero Kathirvel.

"Ndaona. Mota yanuyi ndi yamisala."

"Ndi ya saizi yomweyo, alamu."

"Ndayendetsa sitima zenizeni zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndikati chepetsa, zimachepetsa." Anapotokolera chowongolera kumanzere. "Pano bwanji?"

"Yadutsanso."

A Velayutham anadula kakatoni, analembapo 15, n'kukaimika pokhota ngati chikwangwani cha liwiro, monga achitira anthu a njanji.

"Awerenga ndani?" anafunsa Kathirvel.

"Dalaivala."

"Ali kuti?"

"Ndine."

"Mwawerenga?"

"Ndalemba ndine!"

"Nanga bwanji simukuchepetsa?"

Fyuu! Mphepo ya sitima inagwetsa kakatoniko. Mkwatibwi anasendera kumphepete kwa sitepe. Chidolecho chinali chitamatidwa kale pakhosi kawiri, ndipo malemu aja, amene ankadziwa kumata, kunalibenso.

"Tichotse chidolechi," anatero Kathirvel.

"Achemwali anu ankachiika pamenepo."

"Ndiye tizimitse sitima."

"Ankaikonda ikuyenda."

Anapotokolanso, kumanja, kumanzere, mpaka thukuta. Kathirvel anakanda chibwano.

"Alamu, kanyali ka pasiteshoni kali m'gulu la sitima?"

"Ayi."

"Chabwino."

"Chifukwa chiyani?"

"Si za sitima."

"Tanenani, inu!"

"Mukapotokolera kumanja kamawala. Kumanzere kamazilala. Kakukumverani bwino kwabasi."

A Velayutham anayang'ana kanyaliko. Anapotokola. Kanazilala mwaulemu.

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire thu koloko."

A Velayutham anazimitsa zonse, anagwada kuseri kwa chowongolera mawondo akulira, n'kusinthanitsa mawaya: a nyali kumalo a nyali, a njanji kumalo a njanji. Atayatsa, kasitima kananyamuka mwakachetechete, kanakhota ngati kanyamula mazira, mkwatibwi osagwedezeka n'komwe.

Panja panamveka mawu a alendo aja akuvula nsapato.

"Ndiye mota yanga ilibe mlandu," anatero Kathirvel.

A Velayutham anatulutsa wotchi yawo ya kunjanji, anadikira kasitima kazungulire kamodzi, n'kupukusa mutu.

"Mota yanji imeneyi, alamu? Sitima yachedwa."