Zaka 37 Kunja kwa Boti la Achimwene

Malemu bambo Ambrose Dorion anabadwa pa 9 Malichi 1947, m'kanyumba kamitengo pachilumba china cha nyanja yathu ino ya Reindeer, kumene makolo athu, bambo Baptiste ndi mayi Celina Dorion, ankatchera misampha nyengo yachisanu. Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine Felix, chitsirizira m'banjamo. Ndikuona ena mukuyang'anana, ndipo sindikukuimbani mlandu. Mudzi wathu wonse wa Southend ukudziwa kuti kwa zaka 37 sindinkaloledwa kuponda m'boti la achimwene angawa. Alamu anga a Philomene ndi amene andiuza kuti ndiime pano, ndipo andichenjeza kuti ndisayerekeze kudumpha ndime imeneyo. Choncho Bambo Mfumu, akuluakulu, abale ndi abwenzi nonse, mundilole ndiyambire kumayambiriro, tifikako.

Mu 1954, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndege inatera pamadzi n'kuwatenga kupita nawo mokakamiza kusukulu yakutali yogonera komweko, monga zinachitikira ambiri a msinkhu wawo mwakhala panonu. Anabwerako mu 1961. Za kumeneko iwo sankanena, ndiye nanenso sindiwanenera lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti atabwera sanafunenso kuona mpanda kapena kumva belu. Anakhala zaka zitatu m'bwato ndi bambo athu, kuphunzira nyanjayi mwala ndi mwala, mpaka ankatha kukuuzani kuti pansi apa pali thanthwe pongoona mmene funde likupindikira.

Mu Juni 1964 analembedwa ntchito yoperekeza alendo odzawedza nsomba paloji ina ya kumpoto kwa nyanja. Ntchitoyi ambiri mukuidziwa. Umakhala kuinjini kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kufunira mlendo nsomba, kumulambalalitsa miyala, masana n'kumukazingira pachilumba nsomba imene wagwira, pamodzi ndi mbatata ndi nyemba. Umaphunziranso kumeza mawu mlendo akakukola ndi mbedza. Khutu lamanzere la malemuwa linabooledwa katatu, ndipo ankati Amereka awakonzera malo a ndolo kwaulere.

Koma chimene anatchuka nacho ndi sikelo. Anzanga operekeza alendo muli pano, musaweramitse mitu, tonse timachita. Nsomba ya mapaundi 18 ikamafika padoko timaipatsa 22 kuti mlendo asangalale, ndipo ikamafika kwawo ku Chicago imakhala itakula yokha kufika 30. Achimwene ayi. Dokotala wina wa mano wa ku Iowa, a Lindqvist, anagwira nsomba yotchedwa trout yolemera mapaundi 19 ndi theka, n'kuchonderera kuti, "Ambrose, theka lokhali basi, ingonena kuti 20." Iwo anayankha kuti, "Bwana, ibwezereni m'madzi, mudzabwere zaka zitatu zikubwerazi, theka lanulo mudzalipeza." Bamboyo anakwiya mpaka kukana tiyi. Chaka chotsatira anabweranso n'kunena kuti safuna munthu wina koma Ambrose, ndipo anachita zimenezo zaka 26.

Pa 15 Ogasiti 1970 anamanga ukwati woyera m'tchalitchi muno ndi mayi Philomene Bighetty a ku Brochet, mudzi wa kutsidya kwa nyanja, amene ankaphika paloji pomwepo. Alamu amati anawalola chifukwa pa anyamata onse amene ankazungulira kukhitchini, awa okha ndi amene anawauza kuti supu wachuluka mchere. Amati anaganiza kuti munthu wotere akadzanena kuti ndimakukonda, ndiye kuti n'zoona. Akhala limodzi zaka 53, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 1973 ananditenga ine n'kundiphunzitsa ntchito. Zonse zimene ndikudziwa panyanjayi ndinaziphunzira m'boti lawo, kupatula chimodzi. Mu 1976, atafufuza zilimwe zinayi ndi chingwe chomangirira mwala, anapeza dzenje lakuya pakati pa zilumba, kumene trout zikuluzikulu zinkasonkhana mu Julaye, mwezi wotentha kuno, kuthawa madzi ofunda. Zinali nsomba za mapaundi 30 ndi 40, zina zazikulu msinkhu kuposa mwini boti. Ankapitako kawiri kokha pachaka, ndi mlendo amene amukhulupirira, n'kutengako imodzi basi. Ndipo lamulo lathu mukulidziwa, ngakhale silinalembedwe paliponse: sutsatira boti la mnzako. Malo amene munthu wapeza yekha ndi ake, mpaka atakuuza ndi pakamwa pake.

Mu Julaye 1984 ine ndinaswa lamulo limenelo. Sindinamizira umphawi kapena mowa, inali nsanje. Ndinatopa ndi kumva alendo akutsika ndege akufunsa kuti Ambrose ali kuti, ine ndili chiimire pomwepo ndi zikwama zawo. M'mawa wina wa nkhungu ndinawatsatira chapatali, ndikuzimitsa injini n'kumamvetsera kumene yawo ikulowera, mpaka ndinawaona ataima. Mawa lake ndinapitako ndi alendo atatu, ndipo tinapha zisanu ndi imodzi. Nthawi imeneyo kunalibe zobwezera nsomba m'madzi, alendo ankapita nazo kwawo m'mabokosi a ayezi. Tinaziyala padoko, zithunzi zinajambulidwa, ine ndikuyenda ngati mwini nyanja. Sindinadziwe kuti mmodzi mwa alendo angawo analemba malowo pamapu, ndipo mapuwo anayenda m'manja ambiri. Chilimwe chotsatira pamalopo pankaima maboti asanu ndi awiri tsiku limodzi.

Pofika mu 1986 dzenjelo linali litauma, nsomba zitatheratu. M'madzi ozizira ngati athuwa nsomba imakula pang'onopang'ono, ndipo zimene zinatenga zaka makumi anayi kuti zikule tinazimaliza m'zilimwe ziwiri. Achimwene sanandimenye, sananditukwane, ndipo bola akanatero. Anandipeza padoko ndikufuna kukwera boti lawo kuti tibwerere limodzi kumudzi, monga tinkachitira Loweruka lililonse. Anaika dzanja patsogolo n'kunena kuti, "Iwe Felix, udzakwera boti ili tsiku limene nsomba zija zidzabwerere." Ndinaseka, poganiza kuti pakatha sabata ziwiri mtima utsika. Ndinaiwala kuti awa ndi munthu amene anakaniza dokotala theka la paundi.

Musamve ngati ananditaya. Akapha nyama kutchire, mwendo umodzi unkafika kwanga. Ana anga ankadya ndi kugona kwawo. Mu 2003, mayi a kunyumba kwanga a Agnes atatisiya, ndi achimwene amene anakumba manda, ndipo anakhala nane masiku anayi osapita kwawo. M'galimoto yawo ndinkakwera, m'nyumba mwawo ndinkalowa osagogoda, koma m'boti ayi. Kwa ife operekeza alendo, boti ndiye nyumba yeniyeni ya munthu, ndipo zinkandipweteka kuona alendo a ku Texas amene sadziwa n'komwe kumanga mbedza akukhala pampando umene unali wanga. Julaye aliyense ankapita okha kudzenje kuja tsiku lathunthu, pobwera n'kundidutsa padoko ndi mawu amodzi: "Sizinabwerere." Zaka zonsezi ndinkati akunditonza. Sabata ino ndi pamene alamu andiuza kuti tsiku limenelo akafika kunyumba sankadya, ankangokhala panja n'kumati, "Chaka chinonso mwana uja sakwera."

Anagwira ntchito mpaka Sepitembala 2015, zaka 51. Lamulo loti nsomba zikuluzikulu zizibwezeredwa m'madzi litabwera, iwo anangoti boma lachedwa. Anaphunzitsa operekeza alendo oposa makumi awiri, ndipo ambiri ndi amene mwanyamula bokosi lero. Pakati pawo pali mwana wawo Roxanne, mkazi woyamba kugwira injini paloji ija, amene bambo akewa ankamuyamikira pongonena kuti sanaswepo boti. Analinso mkulu wa mpingo uno, ndipo kwaya ikudziwa kuti ikaimba mophonya sankaibisira.

Mu Novembala 2022 anayamba kutsokomola kosalekeza, ndipo kuchipatala cha mumzinda wa Saskatoon anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Analandira chithandizo miyezi isanu ndi umodzi. Atafunsa dokotala kuti anene zoona, dokotalayo n'kunena, anamugwira chanza n'kupempha kuti abwerere kwawo madzi oundana a m'nyanja akangosungunuka. Anafika mu Juni 2023 ataonda kwambiri, moti kuchoka pakhomo kufika padoko ankapuma kawiri. Ine ndinayamba kuvomereza mumtima kuti madzi akatayika saoleka, achimwene apita mawu awo ali chiimire.

Pa 17 Julaye 2023 anakakamiza Roxanne kuti apite nawo kudzenje kuja. Madzulo ake foni yanga inalira, anali achimwene. Anati, "Felix, zabwerera. Ubwere mawa m'mawa, ndipo usachedwe ngati mwa masiku onse." Ndinafika padoko dzuwa likungotuluka kumene, ine nkhalamba ya zaka 70. Ndinawapeza atakhala kutsogolo, pampando wa mlendo, atafunda bulangete. Ndinaima m'mphepete osadziwa chochita. Anati, "Ukudikira kalata? Kwera, ugwire injini. Njira ukuidziwa, si unaiba wekha?"

Tinayenda maola awiri. Njira yonse ankandidzudzula kuti ndikukhota ngati woyendetsa thirakitala, ndipo sindinamvepo kukoma kwa kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Titafika ndinazimitsa injini n'kuyatsa makina oonera nsomba pansi pa madzi. Abale anga, ndagwira ntchito imeneyi zaka makumi asanu, makina amenewo ndimawawerenga kuposa nyuzipepala. Pansi ponse panali mbee. Ndinawayang'ana, iwo maso ali kuchilumba. Tinaponya mbedza, tinakhala maola atatu, osamva ngakhale kugwedeza. Kenaka anati, "Lero zakhuta basi. Dzulo zinali zodzaza." Ine ndinati, "Eya achimwene, zakhuta." Tinakocheza pachilumba, ndinakoleza moto, ndipo poti nsomba yokazinga panalibe, tinadya nyemba zam'chitini ndi tiyi. Ananena kuti tiyi wanga akadali woipa ngati mu 1973.

Titabwerera ndinamutengera pambali Roxanne n'kumufunsa zimene anaona dzulo lake. Mwanayu anatengera bambo ake, sanathe kundinamiza, anangoyamba kulira. Ndiye ndikunena pano, pamaso pa Bambo Mfumu ndi pamaso pa bokosi ili, kuti nsomba zija sizinabwerere. Munthu amene zaka 76 sanawonjezerepo nsomba theka la paundi, amene sanayamikirepo supu wamchere, ananama bodza limodzi moyo wake wonse, ndipo ananamira ine, kuti ndikwere boti. Bambo Mfumu, ngati kumwambako alilemba ngati tchimo, muwauze alilembe pa dzina langa.

Kuchokera tsiku limenelo tinatuluka limodzi panyanja kasanu ndi kawiri, mpaka mphamvu zinawathera kumapeto kwa Ogasiti. Anatisiya mwakachetechete kunyumba kwawo Lachitatu pa 4 Okutobala 2023, chakumasana, alamu atawagwira dzanja.

Malemuwa asiya mayi a kunyumba a Philomene, ana atatu, a Gilbert, a Darlene ndi a Roxanne, zidzukulu zisanu ndi zinayi ndi zidzukulutudzi ziwiri. Mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo Baptiste tatsala awiri, achemwali a Rosalie ndi ine. M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino a pachipatala chathu chaching'ono amene ankabwera kunyumba tsiku ndi tsiku, amayi amene akhala akuphika kuyambira Lachitatu, achinyamata amene akumba manda m'nthaka yamiyala ija, akwaya, ndi abale a ku Brochet amene awoloka nyanja mphepo ili chonchi. Tikuthokozanso a Karl Lindqvist, mwana wa dokotala uja, amene ayendetsa galimoto masiku awiri kuti adzakhale nafe.

Banja lili ndi pempho limodzi kwa inu anzanga a maboti. Malo aja nonse mukuwadziwa, ndipo mukuwadziwa chifukwa cha ine. Chonde musaponyepo mbedza. Boti analisiya m'manja mwanga, ndipo Julaye aliyense amene Mulungu andipatse ndizipita ndekha kukayang'ana, kuti mwina tsiku lina mawu amene achimwene anandiuza pafoni adzakhale oona.

Achimwene, mwaperekeza anthu ambiri panyanja iyi ndipo palibe amene munamutaya panjira, ngakhale ine. Lero ndife tikukuperekezani. Ambuye akukochezeni bwino, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.